Mary Cassatt anali ndani, nanga ankajambula bwanji?

Funso: Ndimaphunzitsa zojambulajambula pasukulu ina ya sekondale, ndipo inenso ndimajambula ndi penti. Ndinaona pa intaneti chithunzi cha mayi akutsuka mapazi a mwana m'beseni, pansi pake atalemba kuti anajambula ndi Mary Cassatt, impressionist wa ku America. Chikundisokoneza n'chakuti ine ndimadziwa kuti anthu a gulu limeneli ankangodonthezadontheza penti mwachangu, koma chithunzi ichi n'cha mizere yooneka bwino. Mayiyu anali ndani, ndipo ntchito yake ankaigwira bwanji? Ine ndikayesa kujambula mwa mtundu umenewu, mitundu yanga imasanduka matope.

Yankho: Aphunzitsi, maso anu sanakunamizeni. Chithunzi munachionacho dzina lake ndi The Child's Bath, chinajambulidwa mu 1893, ndipo chimasungidwa ku Art Institute of Chicago. Palibe chimene chinachitika mothamanga pamenepo. Mary Cassatt amawerengedwa m'gulu la ma impressionist, ojambula a ku France a zaka za m'ma 1870 ndi 1880, chifukwa ankaonetsa nawo ntchito zake pa zionetsero zawo ku Paris, ndiponso anatengera mitundu yawo yowala ndi chizolowezi chawo chojambula moyo wa tsiku ndi tsiku. Koma iye mphamvu yake inagona pa mzere. Dzanja, khosi ndi bondo la munthu ankazidziwa ndi pensulo asanakhudze n'komwe penti.

Anabadwa pa 22 Meyi 1844 ku Allegheny City, dera limene lero lili mbali ya mzinda wa Pittsburgh m'chigawo cha Pennsylvania. Kwawo kunali kopeza bwino. Bambo ake ankachita malonda a masheya ndi malo, ndipo mlongo wake Alexander anadzakhala mkulu wa kampani ya njanji ya Pennsylvania Railroad. Mary ali mwana, banjalo linakhalako zaka zingapo ku France ndi ku Germany. Asanakwane zaka 20 analowa sukulu ya Pennsylvania Academy of the Fine Arts ku Philadelphia, koma maphunziro ake sanamufike pamtima, pakuti ophunzira, makamaka atsikana, ankangokhalira kukopera ziboliboli za pulasitala m'malo mojambula munthu wamoyo. Pofika 1866 anali ali ku Paris. Nakonso khomo la sukulu yaikulu ya École des Beaux-Arts linali lotseka kwa akazi, ndipo linadzatseguka mu 1897. Choncho ankalipira aphunzitsi apadera, monga Jean-Léon Gérôme ndi Thomas Couture, ndipo masiku ambiri ankaswera ku Louvre, nyumba yaikulu yosungiramo zojambula ku Paris, akukopera zithunzi za akatswiri akale.

Nthawi imeneyo wojambula ankadziwika kudzera pa chionetsero chachikulu chotchedwa Salon. Oweruza akakukana, ogula sankakuona. Mu 1868 anamulandirira chithunzi cha mtsikana woimba mandolin. Kenaka zinthu zinavuta. Nkhondo ya pakati pa France ndi Prussia ya mu 1870 inamubwezera kwawo, kumene bambo ake anavomera kumusamala pa chakudya ndi pogona koma osati pa ndalama za penti. Zithunzi zina zimene anapita nazo ku Chicago kukagulitsa zinapsa pa moto waukulu umene unawononga mzindawo mu 1871. Anamutulutsa m'mavutowa ndi bishopu wa Akatolika wa ku Pittsburgh, amene anamulemba ntchito yokakopera zithunzi ziwiri za Correggio, katswiri wakale wojambula, ku Parma, m'dziko la Italy. Kuchoka kumeneko anayenda ku Madrid, Seville ndi Antwerp akuphunzira ntchito za akale, mpaka anakhazikika ku Paris mu 1874. Mukawerenga bwino, munthuyu anatha zaka zoposa 15 akuphunzira kujambula mwa njira yakale asanalowe m'gulu limene mukulinenali.

Mu 1877 a Salon anakana zithunzi zake zonse ziwiri, ndipo Edgar Degas, wojambula wa ku France, anamuitana kuti aziwonetsa limodzi ndi gulu lawo la ma impressionist. Gululi linachita zionetsero 8 pakati pa 1874 ndi 1886. Cassatt anaonetsa nawo mu 1879, 1880, 1881 ndi 1886, ndipo ndiye yekha wa ku America amene anali membala weniweni. Apa ndi pamene pagona chimene chikukusokonezani. Dzina loti impressionist linachokera kwa mtolankhani wina amene ankanyoza chithunzi cha Claude Monet, ndipo linangowakuta onse ngakhale sankajambula mofanana. Monet, Sisley ndi Pissarro ankatuluka panja kukathamangitsana ndi kuwala kwa dzuwa pamadzi ndi m'minda, ndiye kudontheza mukunenako n'kwawo. Degas ankagwirira ntchito m'nyumba, ankajambula anthu, ndipo ankalemekeza mzere kuposa china chilichonse. Cassatt anali wa mbali ya Degas. Awiriwa dzina limene ankalikonda linali loti ojambula odziimira paokha.

Zimene ankajambula zinatengeranso malire amene mkazi wa banja lolemera anali nawo. Anzake aamuna ankalowa m'malo omwera mowa ndi kuseri kwa mabwalo a zisudzo, koma iye sakanatero. Ankajambula akazi atakhala m'tizipinda ta owonerera zisudzo, akumwa tiyi, akusoka m'munda wa maluwa, mayi ake akuwerenga nyuzipepala ya Le Figaro. Makolo ake ndi mkulu wake Lydia anasamukira ku Paris mu 1877 kudzakhala naye, ndipo Lydia ndiye ankamukhalira kawirikawiri mpaka pamene anamwalira ndi matenda a impso mu 1882.

Chithunzi chimodzi cha nthawi imeneyi n'chofunika kuti ophunzira anu achione. Ndi Little Girl in a Blue Armchair cha mu 1878, chimene chili ku National Gallery of Art ku Washington. Kamtsikana kangodziponya pampando wa buluu, miyendo tang'a, nkhope yosonyeza kutopa ndi kukhala, kagalu kali gone pampando wina. Ojambula a nthawiyo ana ankawakhazika mwaulemu ngati akuluakulu, ndipo oweruza a gawo la America pa chionetsero cha dziko lonse cha ku Paris cha 1878 anachikana. Cassatt mwini analemba m'kalata kuti Degas anagwirako ntchito kumbuyo kwa chithunzichi, ndipo akatswiri atachiunika ndi zipangizo zoona pansi pa penti anapeza kuti khoma linali loongoka poyamba, kenaka linasinthidwa n'kukhala ngodya ya chipinda. Onani mmene nsalu ya mipando anaipakira momasuka, burashi ikuoneka poyera, pamene nkhope ndi miyendo ya mwanayo zili m'malo mwake ndendende.

Za mayi ndi mwana, zimene amadziwika nazo kwambiri, anayamba kuzilimbikira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1880. Iye sanakwatiwe ndipo analibe mwana. Ambiri mwa amayi ndi ana a m'zithunzimo sanali pachibale, anali anthu olembedwa ganyu kuti amukhalire. Chikondi chimene mukuchiona m'zithunzizo chinachita kumangidwa ndi wojambula posankha pamene dzanja ligwire ndi kumene maso ayang'ane. Zithunzi zoterezi zinkayenda malonda kwa wogulitsa wake Paul Durand-Ruel, ndipo kunena zoona zina za kumapeto kwa moyo wake zimabwereza nkhani imodzimodzi, n'kuchepa mphamvu. Ntchito yake yakupsa ndi ya pakati pa 1878 ndi 1895.

Chinthu chimene chinasintha kwambiri kajambulidwe kake chinachitika mu 1890, pamene ku École des Beaux-Arts kunaonetsedwa zithunzi zambirimbiri zosindikiza za ku Japan. A ku Japan ankasema chithunzi pathabwa n'kudinda papepala: mizere yochepa, mitundu yosalala yopanda mithunzi, munthu akuonekera kuchokera pamwamba kapena atadulidwa ndi m'mphepete mwa pepala. Cassatt anafuna kuchita zofanana koma pa malata a mkuwa, ndipo anapanga zithunzi 10 za mitundu, zosonyeza tsiku la mkazi: kusamba, kupesa tsitsi, kumata kalata, kuyesa diresi kwa telala, kukwera basi yokokedwa ndi akavalo, kusambitsa mwana.

Njira yake inali yotere. Poyamba ankalemba mizere ndi singano yolimba pa lata la mkuwa losalala. Njira imeneyi imatchedwa drypoint. Singano sichotsa chitsulo, imangochikankhira m'mbali mwa mzere monga mmene pulawo imakankhira dothi, ndipo tizitsulo totukukato ndi timene timagwira inki n'kupereka mzere wofewa, wakuda bii. Mavuto ake ndi awiri. Ukalakwitsa palibe chofufutira, umayenera kupala malowo n'kuwasalaza ndi chitsulo china, ndipo nthawi zambiri chipsera chimatsala. Chinanso, lata likamadutsa m'makina opanikiza tizitsulo tija timaphwathika pang'onopang'ono, moti makope akachuluka mzere umayamba kufooka.

Akamaliza mizere, ankadinda chithunzicho n'kuchisamutsira pa malata ena awiri chidakali chonyowa, kuti onse atatu agwirizane. Sankapitirira malata atatu pa chithunzi chimodzi. Pamalo pofunika mtundu ankagwiritsa ntchito njira yotchedwa aquatint. Pa lata amawazapo ufa wa utomoni wouma wa paini mpaka uphimbe pafupifupi theka la chitsulocho, kenaka amalitenthetsa kunsi kuti timibulu ta ufawo timamatire. Malo amene akuyenera kukhala oyera amawapaka vanishi, ndipo latalo amaliviika mu asidi. Asidiyo amadya chitsulo m'mipata ya pakati pa timibuluto, n'kusiya timaenje tosawerengeka togwira inki. Likakhalitsa mu asidi, mtundu umadzatuluka wakuda kwambiri. Moto ukachuluka utomoni umasungunuka n'kutseka lata lonse, asidi osapeza polowera. Ufa ukachepa asidi amadya malo onse mofanana, inki imasowa pogwira, ndipo papepala pamatuluka mawangamawanga otuwa.

Podinda m'pamene panali thukuta lenileni. Mitundu ankaipaka ndi manja pa lata, uliwonse pamalo pake, ndi tisanza tokulunga ngati kampira, kenaka n'kupukuta mosamala kuti wofiira usalowerere kwa wobiriwira. Izi zinkachitika mwatsopano pa kope lililonse. Pepala limakhala lonyowetsedwa kuti lilowe m'timaenje, koma pepala lonyowa limafufuma ndipo likamauma limanyala, ndiye ukazengereza pakati pa lata loyamba ndi lachiwiri, mtundu sugweranso m'kati mwa mizere yake. Cassatt anaika makina m'nyumba mwake n'kulemba ntchito katswiri wosindikiza, a Leroy, ndipo anadzalemba m'kalata kuti nthawi zina ankagwira awiriwiri maola 8 n'kutulutsa makope 8 kapena 10 basi. Chithunzi chilichonse anachidinda makope 25. Ndiye kuti makope 250, ntchito ya pafupifupi mwezi wathunthu ya kudinda kokha, osawerengera zoyeserera zimene ankasintha kambirimbiri. Anazionetsa kwa Durand-Ruel mu Epulo 1891. Bungwe la osindikiza a ku France linali litakana iye ndi Pissarro pa chionetsero chake cha chaka chimenecho chifukwa sanabadwire ku France, choncho awiriwo anaonetsa zawo m'zipinda zoyandikana nacho.

Tsopano bwererani ku chithunzi chanu chija, chimene chinabwera patangopita zaka ziwiri. N'chotalika pafupifupi masentimita 100 ndipo m'lifupi n'cha 66. Anthu awiriwo tikuwaona kuchokera pamwamba, pansi pa chipinda pakuoneka ngati papendekera kwa ife, ndipo jagi ya madzi ili pangodya yakumunsi. Zonsezi n'zochokera ku Japan. Diresi la mizeremizere, kapeti ndi khoma zokongoletsedwa zadzaza paliponse, koma thupi la mwana lokha ndiye losalala, motero diso limathamangira pomwepo. Mitu iwiriyo yagundana, onse ayang'ana m'madzi, ndipo kuchokera pamitupo diso limatsika ndi mkono wa mayi mpaka pa phazi lili m'beseni. Dzanja limodzi la mwana latsamira pa bondo la mayiyo, ndipo kulemera kwa thupi lake kukuoneka. Zoterezi sizitheka ndi kudontheza, zimafuna kuti wojambula adziwe mafupa ali pansi pa khungu.

Zotsala za moyo wake tingazidutse mwachangu. Mu 1892 ndi 1893 anajambula chithunzi chachikulu cha pakhoma, chotalika mamita oposa 17, cha nyumba ya amayi pa chionetsero cha dziko lonse ku Chicago. Anthu ambiri sanachikonde, ndipo chionetsero chitatha chinasowa mpaka lero. Mu 1894 anagula nyumba ya Beaufresne ku Le Mesnil-Théribus, kumpoto kwa Paris. Ntchito ina imene ambiri saidziwa ndi ya ulangizi. Iye ndiye ankauza anthu olemera a ku America zoti agule, makamaka mnzake Louisine Havemeyer, ndipo zithunzi zambiri za Degas, Manet, Courbet ndi El Greco zimene banja la Havemeyer linasonkhanitsa zinaperekedwa ku Metropolitan Museum of Art ku New York mu 1929. Dziko la France linamupatsa ulemu wa Légion d'honneur mu 1904. Matenda a shuga ndi ng'ala anamulanda maso, ndipo cha m'ma 1914 anasiya kujambula. Mu 1915 ntchito zake zinaonetsedwa ku New York pothandiza amayi omenyera ufulu wovota, zimene zinamudanitsa ndi achibale ena. Anamwalira pa 14 Juni 1926 ku Beaufresne. Musamusokoneze ndi ma impressionist amene ankagwirira ntchito ku America komweko, monga Childe Hassam, William Merritt Chase ndi John Henry Twachtman, amene ambiri anatsata mbali ya Monet.

Za matope anuwo, choyambitsa chachikulu n'kukonza chithunzi ndi penti m'malo mokonza ndi pensulo. Mkono ukakhala kuti sunalembedwe bwino, mumaupaka, n'kuona kuti wakhota, n'kubwerezanso pamwamba penti isanaume, ndipo pofika kachitatu mitundu yonse yasakanikirana pachinsalu pomwepo. Lembani kaye chithunzi chonse ndi makala kapena pensulo papepala lina mpaka manja ndi mutu zikhale bwino, musamutsire pachinsalu ndi mizere yopyapyala, kenaka muyambe kupaka. Burashi ikagunda pachinsalu, isiyeni penti pamene yagwerapo. Mukaona kuti mwalakwa, palani ndi mpeni wosakanizira penti, pukutani ndi kansalu, muike yatsopano.

Chachiwiri chili pa thabwa losakanizira. Mitundu ina ndi yotsutsana: wofiira ndi wobiriwira, buluu ndi olenji, wachikasu ndi pepo. Mukaisakaniza imaphana n'kupereka bulauni wotuwa, koma mukaiika moyandikana osasakaniza, uliwonse umawalitsa unzake. Chinsinsi cha kuwala kwa zithunzi za gululi n'chomwechi. Posakaniza musapitirire mitundu iwiri kuphatikiza woyera. Machubu 7 kapena 8 ndi okwana: woyera, achikasu awiri, ofiira awiri, a buluu awiri ndi wobiriwira umodzi. Khalani ndi maburashi osachepera anayi, ena a mitundu yowala, ena a yakuda, ndipo musinthe madzi kapena mafuta otsukira akangoda, chifukwa burashi yotsukidwa m'madzi akuda imapaka litsiro lomwelo pa mtundu uliwonse. Chinsalu chikhale chopakidwa zoyera kapena zotuwa pang'ono, osati zakuda. Ngati penti yanu ndi ya mafuta, gawo loyamba likhale lopyapyala ndipo lipatseni masiku awiri kapena atatu kuti ligwire. Mukaika penti yopanda mafuta ambiri pamwamba pa yamafuta imene sinaume, chithunzi chimadzang'aluka. Ngati ndi acrylic, penti yosungunula ndi madzi, kumbukirani kuti ikauma imada pang'ono kuposa mmene imaonekera yonyowa.

Mthunzi musaupange pothira wakuda mu mtundu wa chinthucho. Kuzani chithunzi cha Cassatt pa foni kapena pa kompyuta, muone mthunzi wa pakhosi kapena pa mkono wa mwana. Mupezamo buluu ndi wobiriwira zitaikidwa pambali pa pinki. Koma pano pafunika kusamala, chifukwa iye ankajambula khungu la azungu. Tengani nzeru yake, osati mitundu yake. Pa khungu lakuda, mdima wake upangeni ndi burnt sienna (bulauni wofiirira) ndi ultramarine (buluu wakuda), ndipo musayese kuwalitsa pothira woyera mu bulauni, chifukwa munthu amatuluka ali mbuu ngati sanadzole. Khungu lakuda limabweza kuwala kwa zinthu zolizungulira. Pamphumi, pamphuno ndi pamasaya pamagwa buluu kapena pepo wa kumwamba, pamene kunsi kwa chibwano ndi kwa mikono kumalandira kufiira kwa dothi kapena mtundu wa chovala. Kuti mudziwe ngati kuwala ndi mdima zili bwino, jambulani ntchito yanu ndi foni n'kuisandutsa yakuda ndi yoyera. Ngati zonse zikuoneka zotuwa mofanana, vuto si mitundu ayi, n'loti simunasiyanitse powala ndi pamdima.

Cassatt ankagwiritsanso ntchito kwambiri choko cha mitundu chotchedwa pastel, ndipo nachonso matope amachitika. Chokochi chimagwira pa timanomano ta pepala lokhakhala. Mukatikita ndi chala timanoto timadzaza, mtundu umazima, ndipo choko china sichigwiranso. Iye ankalemba timizere ta mitundu yosiyana topingasana, nkhope n'kuimaliza bwino, zovala ndi kumbuyo n'kuzisiya zili mizere yokhayokha, pena pepala likuonekera. Yambani ndi mitundu yakuda mosakanikiza dzanja, yowala ibwere pomaliza. Mankhwala opopera kuti choko chisayoyoke amadetsa mitundu, choncho poperani pang'ono pa magawo apansi okha. Poika m'felemu, galasi lisakhudze chithunzi.

M'kalasi mwanu, za asidi zisiyeni, n'zoopsa ndipo zimafuna malo apadera. Drypoint ndiye ikutheka. Ophunzira akhoza kukanda ndi msomali wonola pa pulasitiki yolimba yoonekera, ataika chojambula chawo kunsi kwake kuti azitsata mizere. Apake inki yamafuta yosindikizira, ailowetse m'mizere ndi kasanza, apukute pamwamba, n'kudinda pa pepala lokhuthala limene laviikidwa m'madzi n'kufinyidwa pakati pa nsalu mpaka lisiye kunyezimira. Popanda makina opanikiza akhoza kukhuta kumbuyo kwa pepala ndi supuni mwamphamvu, ngakhale mzere umatuluka wofookerapo, ndipo pulasitiki imapereka makope abwino ochepa chabe isanaphwathike. Awuzeni kuti chithunzi chimatuluka chotembenuka, dzanja lamanja limakhala lamanzere. Zithunzi za Cassatt zoti azionera zili pa masamba a pa intaneti a National Gallery of Art, Metropolitan Museum of Art ndi Art Institute of Chicago, kumene zambiri mukhoza kuzitsitsa kwaulere zili zazikulu mokwana kuona kayendedwe ka burashi ndi ka singano.